AKumbuyo ndi Chitseko cha Kachewere

Mawa chikwana chaka chiikireni m'manda aGelevazio Nzunga, ndipo akazi awo, aNaphiri, atumiza uthenga woti ndikayambitse nyimbo pa Misa yowakumbukira. Ndavomera, koma mtima wangoti myuu. Munthu ameneyu anandiphunzitsa kuyambitsa nyimbo zaka ziwiri zathunthu, ndipo pa zaka ziwirizo mawu okoma okhawo amene ndinamva pakamwa pawo anali akuti, "Sizinaipe." Ndili ndi imvi tsopano, koma ndimaopabe kuti andimva.

Ife amene tinadutsa m'manja mwawo sitinkawatchula dzina lawo la ubatizo. Tinkawati aKumbuyo. Pa sukulu yathu ya makatekisiti, m'mapiri a kuno ku Dedza, tinkaphunzira kutsogolera mapemphero m'matchalitchi a kumudzi kumene wansembe amafika mwa apo ndi apo. Aphunzitsi ena onse ankaima kutsogolo ndi choko m'manja. Iwo ankalowa m'kalasi, n'kulipitirira tebulo la mphunzitsi ngati sakuliona, n'kukakhala pa benchi lomalizira pafupi ndi khomo. M'tchalitchi chimodzimodzi. Ukafuna kuwamva unkachita kupotola khosi, ndipo ena a ife makosi anatiwawa mpaka kumaliza maphunziro.

Phunziro lawo pa ndandanda linalembedwa kuti Nyimbo za Mpingo, mbali imodzi ya kayendetsedwe ka mapemphero. Amene tinabwera ndi mawu athu a kwaya tinkayesa kuti tiyamba kudzionetsa tsiku loyamba lomwe. Ayi ndithu. Mwezi woyamba ankatiletsa kutsegula pakamwa. Lamulungu lililonse ankatimwaza m'matchalitchi ang'onoang'ono, wina cha ku Mayani, wina cha ku Kabwazi, ndi lamulo limodzi lokha: ukakhale kumbuyo kwenikweni, pakati pa nkhalamba ndi amayi oyamwitsa, ukamvetsere. Lolemba m'mawa ankatifunsa mafunso amene sanali m'buku lililonse. Anayamba kuleka kuimba ndani? Analekera pa ndime iti? Ukayankha kuti kwaya inaimba bwino, ankakuyang'ana ngati wawabweretsera nyemba zosapsa.

Chiphunzitso chawo chonse chinagona apa. Ankati nyimbo siifera ku kwaya, imayamba kufera kumbuyo, ndipo woyambitsa nyimbo ndiye amakhala womaliza kudziwa kuti yafa. Kwaya ikhoza kuimba ngakhale utaipachika pansonga pa mtengo wa paini. Koma mayi wachikulire amene wadzuka m'chisanu cha mwezi wa June, wayenda mtunda wautali asanamwe tiyi, mawu ake amakhala pansi, ndipo ukamusiya pansipo wamutulutsa m'pemphero ngakhale akhale m'tchalitchimo mpaka kumapeto. Choncho usanayambitse, dikira anthu ayankhe moni wa pemphero, umve pamene mawu a kumbuyo agona, uyambire pomwepo. Ankati zimenezi n'za umulungu kuposa theka la mabuku athu, ndipo aphunzitsi anzawo sankakondwa akamva.

Sindifuna kuwapaka mafuta chifukwa choti apita. Anali munthu wovuta. Lilime lawo linkaliza akuluakulu a ndevu zawo, ndipo ine ndemwe ndinalirapo kawiri kuseri kwa kalasi. Achinyamata a kwaya ya pa parishi atapeza kiyibodi, anakangana nawo miyezi, ati kiyibodi ilibe chifuwa, siidziwa kuti munthu amapuma. Pa Lamulungu la Kanjedza chingwe cha kiyibodiyo chinasowa, achinyamata n'kumatembenuza mabenchi, iwo atakhala phee kumbuyo kwawo. ANaphiri ndiwo anachipeza m'thumba la jekete pochapa, n'kukachibweza okha, ndipo pakhomo pawo panakhala chete sabata yathunthu. Fodya wa pamphuno ankamusunga m'kabotolo ka mankhwala, ndipo ankamukana pamaso pa ansembe kwinaku akuyetsemula. Jekete inali imodzi, yofiirira. Nsapato ankazipukuta m'mawa uliwonse ngakhale kunja kuli matope okhaokha. Njinga yawo ankaikankha pa chitunda chilichonse, chaching'ono chomwe, ati nayo ipume.

Koma mukakumana ndi wina aliyense amene anaphunzira kwa iwo, adzayamba kukuuzani za chitseko. Munda wawo wa kachewere unali kudambo, kunsi kwa sukulu, ndipo msewu wa ngolo unali kumtunda. Ikafika nthawi yokumba, ankatulutsa chitseko chakale cha kukhitchini, n'kuikapo matumba awiri a kachewere. Ophunzira aamuna anayi ankanyamula chitsekocho ngati bokosi la maliro, ena tonse pambuyo, mmodzi n'kuyambitsa nyimbo ya maliro, tikwere chitunda. Nyimbo ikafa tisanafike pa msewu, tinkatsika nawo matumbawo kukayambiranso kudambo. Tinkang'ung'udza kuti ndi ganyu waulere, ndipo n'zoona kuti kachewereyo ankakafika kumsika wa ku Chimbiya osavutitsa msana wa mwini wake. Komatu wofuna ganyu waulere sangakutsitsenso ndi katundu uli pafupi kufika. Tsiku lina tinakwera n'kutsika kanayi, ndipo wogula kachewereyo anatopa kudikira pa msewu, ananyamuka ndi ngolo yake yopanda kanthu.

Chifukwa chake ankachinena mwachidule. Kuno kwathu manda ambiri ali pa zitunda, ndipo katekisiti amaika maliro ambiri kuposa wansembe. Nyimbo ya panjira iyenera kuyenda ndi phazi la onyamula bokosi, ndipo iyenera kusiya mpata woti munthu wokwera phiri akoke mpweya. Zimenezi sungaziphunzire utakhala pa desiki.

Chaka changa chachiwiri kunabwera mkulu wa sukulu watsopano, abambo mfumu achinyamata amene anakaphunzira nyimbo za mpingo kunja. Ndinene chilungamo, mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Anatitsegula maso pa zambiri: kumene mbali iliyonse ya Misa inachokera, chifukwa chake masalimo amaimbidwa molandizana, ndi kawerengedwe ka nyimbo zolembedwa pa mizere. Tinkawakonda. Koma masana ena, akuchokera ku Mayani pa njinga yamoto, anakumana nafe pakati pa chitunda, chitseko pamapewa, nyimbo ya maliro ili pakamwa. Anaimitsa njinga, navula chipewa, nachita chizindikiro cha mtanda.

"Watisiya ndani?" anafunsa.

"Palibe, abambo mfumu," anayankha aKumbuyo. "Ndi kachewere."

Ife tinaphulika ndi kuseka, ndipo kuseka kwathuko n'kumene kunaononga zinthu. Mawa lake aKumbuyo anaitanidwa ku ofesi. Mawindo a ofesiyo sankatsekeka bwino, ndiye tinamva zonse. Abambo mfumu anati nyimbo zopatulika si zoimbira mbatata. Anati phunziro limeneli litha pa mapeto a teremu, m'malo mwake tiziphunzira kiyibodi ndi nyimbo za pa mizere, ndipo alemba kalata kwa akuluakulu oyang'anira sukulu. Anafunsanso, mwaulemu ndithu, ngati aGelevazio anali ndi pepala lililonse la maphunziro a nyimbo. Analibe. Sukulu anaisiyira ku pulayimale, ndipo anayamba kuphunzitsa makatekisiti abambo mfumuwo asanabatizidwe n'komwe. Pa teremuyo panali patatsala masabata atatu.

Tsiku lotsatira aKumbuyo analowa m'kalasi, ndipo kwa nthawi yoyamba anakhala pa tebulo la mphunzitsi, kutsogolo. Sindinawaonepo atachepa chotero. Anatiyang'ana, nati, "Ati tsabola wakale sawawa. Tsegulani mabuku anu, muziwerenga." ANaphiri anandiuza pambuyo pake kuti masiku amenewo chakudya ankangochigwira n'kusiya, ndipo nsapato ankazipukuta kawiri pa tsiku ngati munthu woyembekeza ulendo. Zinatipweteka, koma palibe anayerekeza kukagogoda ku ofesi kuja. Tinali amantha, ndipo ndikuvomera.

Sabata yachiwiri kunagwa maliro m'mudzi wa kunsi kwa sukulu. Anamwalira anali aNasibeko, mayi wachikulire amene ana ake onse anatsogola. Zaka zambiri ankatcheza kachasu ndipo sankalandira Ukaristia, koma atakalamba anasiya, nabwerera ku mpingo. Katekisiti wa m'mudzimo anali m'chipatala, choncho akhristu a mphakati wa kumeneko anadzapempha sukulu kuti itsogolere mwambo. Abambo mfumu anati amenewa akhala mayeso athu. Anasankha Fabiano, mnzathu wa m'kalasi, kuti ayambitse nyimbo, ndipo palibe anadabwa, chifukwa Fabiano anali ndi mawu okwera, osalala, oti akaimba amayi ankaleka kutonthoza ana. Abambo mfumuwo anati savala mkanjo, angotsatira ndi kope lawo, aziona mmene ophunzira achitire.

AKumbuyo anapempha chinthu chimodzi chokha. "Abambo mfumu, poti lero simukutsogolera, tiyendere limodzi kumbuyo kuno." Abambo mfumu anavomera. Ine aKumbuyo anangondikodola ndi chala kuti ndikhale pafupi nawo.

Unali mwezi wa July, nkhungu itaphimba mapiri, njira ikuterera. Anthu anali ochepa, ambiri achikulire. Ophunzira anatsogola ngati kwaya, bokosi pakati, anthu a m'mudzi pambuyo. Fabiano anayambitsa nyimbo pamwamba, mwamphamvu, ndipo pachidikha inamveka bwino zedi, moti abambo mfumu anagwedeza mutu n'kulemba kena kake m'kope. Kenaka tinafika patsinde pa chitunda cha kumanda.

Woyamba kuleka kuimba anali aNangondo, mnzawo wa malemu kuyambira utsikana. Analekera pa ndime yachiwiri, phazi linawaterera, nagwira dzanja la abambo mfumu osadziwa n'komwe kuti agwira ndani, ndipo sanalisiyenso. Kenaka analeka amayi obereka ana. Kenaka onyamula bokosi, amene phazi lawo linali litasemphana kale ndi nyimbo. Kutsogolo kwaya sinadziwe kanthu, inkangopita, mpaka pakati pa iyo ndi bokosi panatseguka mpata woti ngolo n'kudutsa. Pakati pa chitunda, pa mzere wokwera kwambiri wa nyimboyo, mpweya unawathera nawonso. Mawu a Fabiano anasweka, wina anayesa kulandira, analephera, ndipo kunangoti zii. Zinkamveka ndi mapazi m'matope ndi kupuma kwa onyamula.

Amene si wa kuno sangamvetse kulemera kwa chete ameneyo. Mkhristu sapita kumanda mwakachetechete. Amene amapita chomwecho ndi amene mpingo wamukana, ndipo pa maliro a aNasibeko aliyense anali ndi chifukwa chokonzeka kale m'mutu mwake. Ndinamva bambo wina kumbali akunong'ona kuti kachasu uja wawatsata mpaka kuno. ANangondo anaima, nayang'ana nkhope ya munthu amene anamugwira dzanja, ndipo apa m'pamene anawazindikira.

"Abambo mfumu," anatero akupuma movutikira, "mwamuleka mnzangayu chifukwa cha mowa uja? Anatu analapa. Ndinamuperekeza ndine."

Abambo mfumu anacheukira kwa aKumbuyo.

Ine ndinkayesa kuti aKumbuyo ayambitsa nyimbo okha, aonetse onse kuti mwini ntchito alipo. Mpata unali umenewo, ndipo ine ndikanakhala iwo ndikanatero. Iwo anangowerama pang'ono kwa aNangondo.

"Mayi, palibe wamuleka. Yambani inu, pamene mungathe pomwepo."

"Ine mawu ndilibe, aphunzitsi."

"Omwewo."

Mayi aja anayamba nyimbo yomweyo, pansi penipeni, mosasa, ngati akuyankhula. AKumbuyo anayang'ana mapazi a onyamula bokosi, naponda pansi molingana nawo, kamodzi, kawiri, kenaka anandigunda ndi chigongono. "Tengani pamenepo. Musakweze." Ndinatenga. Amayi a pambali panga analandira, kenaka abambo achikulire, kenaka onyamula bokosi, ndipo ndinaona ndi maso anga mapewa awo akuwongoka phazi litagwirizana. Nyimbo inakwera chitunda kuchokera kumbuyo mpaka inakapeza kwaya kutsogolo. Fabiano anatembenuka, misozi ili m'maso, natsitsa mawu ake okongola aja kufika pa mawu a aNangondo. Sinadukenso mpaka pa dzenje. Abambo mfumu anaimba njira yonse yotsalayo, nkhalamba itawakolowekera padzanja, kope lili m'thumba.

Panalibe zolankhula zambiri pambuyo pake. Abambo mfumu sanapepese pagulu, ndipo aKumbuyo sananyade, chinthu chimene chinatidabwitsa ife odziwa nkhani ya chingwe. Lachinayi lotsatira tili kudambo tikukweza matumba pa chitseko, tinangoona abambo mfumu akutsika chitunda atavala nsapato za jombo.

"Aphunzitsi, ndigwire kutsogolo kapena kumbuyo?"

"Kumbuyo, abambo mfumu. Pokwera n'kumene kumalemera."

Anakwera nafe kawiri, chifukwa ulendo woyamba nyimbo inafa, ndipo aKumbuyo sanawachitire chifundo. Kalata ija sinalembedwe. Kiyibodi ndi nyimbo za pa mizere zinalowabe pa ndandanda, ndipo zinatithandiza, koma aKumbuyo anaika lamulo loti kiyibodi izilowa anthu atayamba kale, izitsata iwo. Anaphunzitsa zaka zina zambiri mpaka miyendo inakana chitunda. Fabiano lero ndi katekisiti wodziwika cha ku Mayani, ndipo ndikamamumva akuyambitsa nyimbo pansi, modekha, ndimanyada ngati ndinamubala ndine.

Chimene sitinkadziwa tonsefe ndinachimva tsiku la maliro awo, m'mawa, nditakhala ndi aNaphiri pasiwa. Ndinawafunsa kuti chinawatengera kumbuyo n'chiyani munthu wodziwa nyimbo chotero. Anati pa unyamata wawo aGelevazio ndiwo anali ndi mawu okwera kuposa onse m'parishi, ndipo ankakhala kutsogolo kwenikweni, tsitsi atalipesa bwino. Atamwalira mayi awo owabala, anaumirira kuti ayambitse okha nyimbo ya panjira, anthu amve mmene mwana wa malemu amaimbira. Anaiyambitsa pamwamba. Inafera pakati pa chitunda, ndipo panalibe woitola. Mayi awo analowa kumanda mwakachetechete. "Lamulungu lotsatira anakakhala kumbuyo," anatero aNaphiri, "ndipo sanabwerekonso. Zaka zonsezi, mwana wanga, akhala akuperekeza amayi awo." Ifeyo aKumbuyo sanatiuzepo ngakhale kamodzi.

Pa Misa ya maliro awo tinabwera ophunzira awo ochokera m'zigawo zonse, ena a imvi, ena ongomaliza kumene. Popanda kupangana, aliyense analowa n'kulunjika kumbuyo. Tinadzazana kumeneko ngati mu minibasi ya ku Chimbiya tsiku la msika, ena ataimirira m'mbali mwa khoma, mabenchi a kutsogolo ali mbee. Abambo mfumu aja, amene anasamutsidwa kalekale koma anabwerera kudzatsogolera Misayo, anatipempha kawiri kuti tisendere kutsogolo. Palibe anasuntha. Anatiyang'ana, anaseka, kenaka anavula magalasi n'kupukuta m'maso.

Vuto linabuka bokosi litanyamulidwa. Panali oyambitsa nyimbo odzaza bwalo, koma aliyense anatchera khutu kumbuyo monga anatiphunzitsira, kudikira kumva pamene mawu agona, ndipo palibe anafuna kukhala woyamba pamaso pa mwini wake. Tinayenda mapazi angapo chete. Kenaka kumbuyo kwenikweni, pakati pa amayi awiri owagwirizira, aNaphiri anayamba. Mawu anali atawathera ndi kulira, moti anangomveka kwa ife oyandikana nawo. Tinatenga pomwepo, osakweza. Nyimbo imeneyo inakwera chitunda chonse osaduka, ndipo m'moyo wanga sindinanyadirepo kanthu ngati mmene ndinanyadira tsiku limenelo.

Dzulo ndinapita kukaona tchalitchi cha pa sukulu ndisanakonze za mawa. Benchi lomalizira likadali pafupi ndi khomo, pamene mphepo ya m'mapiri imalowera. Kumapeto kwake thabwa linasalala n'kuda, ndipo pansi simenti inakumbika pang'ono pamene chidendene chawo chinkaponda poyeza nyimbo. Wosesa anandiuza kuti ngakhale tchalitchi chidzaze bwanji, anthu amapanikizana n'kusiya malo a munthu mmodzi pamenepo, ndipo palibe anawalamula. Chitseko chija anachitsamiritsa kuseri kwa kalasi, ophunzira a chaka chino achinyamula kachewere akakhwima. Mawa anthu akayankha moni wa pemphero ndidzatchera khutu kumbuyo monga mwa masiku onse, ndipo ndikudziwa kuti pakona pajapo sipadzamveka kuyetsemula. Ndidzadikirabe pang'ono ndisanayambe.